Mbiri ya Rungwe, Phiri la Moto Logona Kumutu kwa Nyanja

Ife okhala mu Lusaka za mapiri timangomvera kwa anzathu. Mzinda wathu udamangidwa pamalo athyathyathya, pamwamba pa miyala ya laimu, moti munthu akhoza kuchoka ku Kabwata wapansi mpaka kukafika ku Chelstone osakumana ndi chitunda chomuchititsa befu. Achinyamata a ku Woodlands ndi ku Kabulonga amene ayamba chizolowezi chokwera mapiri Loweruka amathera ku timapiri ta ku Leopards Hill. Koma wofuna kuponda phiri lomwe lidalavulapo moto ayenera kulowera kumpoto, kudutsa Nakonde ndi Tunduma, mpaka kukafika kumutu kwa Nyanja ya Malawi, m'dziko la Tanzania. Kumeneko kuli Rungwe. Tisanamange nsapato, tiyambe ndi kumene phirili lidachokera.

Zaka zoposa 8 miliyoni zapitazo, nthaka ya chigawo chino cha Africa idayamba kung'ambika pang'onopang'ono. Mbali ina idatitimira n'kukhala chigwa chachikulu, madzi n'kudzazamo, ndipo imeneyo ndiyo Nyanja ya Malawi. Kumpoto kwake ming'alu itatu idakumana: wa ku Nyanja ya Malawi, wa ku Nyanja ya Rukwa ndi wa ku chigwa cha Usangu. Pamphambano pamenepo chiphalaphala cha moto chidapeza potulukira, ndipo patapita nthawi yaitali padamera mapiri atatu apachibale, Ngozi, Rungwe ndi Kyejo.

Ngozi adaphulika koopsa zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Mutu wake udagumukira m'kati, n'kusiya chidzenje chomwe lero muli nyanja yobiriwira, yotalika makilomita awiri ndi theka. Rungwe naye adachita zake zaka pafupifupi 4,000 zapitazo: adamwaza phulusa ndi timiyala topepuka tamabowomabowo dera lonselo, ndipo akatswiri okumba matope pansi pa Nyanja ya Malawi amalipezabe phulusalo litagona m'mizere yake. Phulusa lomweli ndilo lidasanduka chonde. Nthochi, tiyi ndi khofi za ku Tukuyu zimadya zotsala za moto umenewo.

Chonde chidakoka anthu. Anyakyusa adakhazikika m'mapazi mwa mapiriwa ndi ng'ombe zawo ndi minda ya nthochi, pamene abale awo Angonde adakhala kummwera, pansi pa ufumu wa Kyungu, kudera la Karonga. Anyakyusawo ndiwo adaona kuphulika kotsiriza. Cha m'ma 1800, Kyejo adatsegula pakamwa pamalo otchedwa Sarabwe ndi Fiteko, chiphalaphala n'kuyenda makilomita 8, kukwirira midzi ingapo. Panalibe wolemba m'buku. Nkhaniyi idasungidwa pakamwa, agogo kuuza adzukulu, mpaka katswiri wa miyala D. A. Harkin adaiika m'buku lake la mu 1960. Ine mbali imeneyi ndimaikonda, chifukwa apa wasayansi ndiye adakhala pamphasa, akulu a m'mudzi n'kumamuphunzitsa.

Kenaka kudabwera azungu. Joseph Thomson adadutsa kumutu kwa nyanjaku mu 1879. Mu 1890 Angerezi ndi Ajeremani adagwirizana kuti mtsinje wa Songwe ukhale malire, motero Angonde adagwera kwa Angerezi, Anyakyusa kwa Ajeremani, ngakhale chilankhulo chawo n'chimodzi. Chaka chotsatira, mu 1891, amishoni a Moravian adamanga misasa patsinde pa Rungwe, ndipo mishoniyo ilipo mpaka lero. Ajeremani adayamba amanga boma lawo m'mbali mwa nyanja, n'kulitcha Langenburg, koma cha m'ma 1900 adalisamutsira kumtunda kozizira, ku Neu Langenburg, komwe lero ndi Tukuyu. Kuchokera kuderali asilikali awo adawoloka Songwe kukathira nkhondo Karonga pa 9 September 1914, koma adabwerera atagonja.

Zaka za ulamuliro wa Angerezi, amene adalowa m'malo mwa Ajeremani, tizidumphe, poti phirilo lidangoti zii, m'munsi mwake mukufalikira minda ya tiyi. Kwa ife a ku Zambia, chosintha zinthu chinali njanji ya TAZARA, yomangidwa kuyambira 1970 mpaka 1975, yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam. Sitimayo imaima ku Mbeya, ndipo kuchoka apo kupita ku Tukuyu ndi makilomita 70 okha.

Nkhalango ya Rungwe idali idakali ndi chinsinsi. Alenje a kumeneko ankakamba za nyani wina wotchedwa kipunji, koma ophunzira ankayesa nthano chabe. Mu 2003 gulu la Tim Davenport, la bungwe la Wildlife Conservation Society, lidamuona ndi maso. Mu 2006 kudatsimikizika kuti nyaniyu ndi wa mtundu wakewake, ndipo adapatsidwa dzina lakuti Rungwecebus, potengera phirilo. Aka kanali kachiwiri kuti za pakamwa pa eni dera zipezeke zoona. Mu 2009 boma la Tanzania lidaika nkhalangoyi m'gulu la malo otetezedwa mwapadera, ndipo mu December chaka chomwecho zivomezi zidagwedeza Karonga, kugwetsa nyumba zambiri. Mng'alu uja sunaleke kutseguka.

Lero wokwera Rungwe amanyamuka m'mamawa kuchokera cha ku mishoni kuja, pafupi ndi Kiwira, ali ndi chilolezo komanso womulondolera njira. Amayamba ndi nkhalango yowirira yonyowa, kenaka nsungwi, potsiriza udzu ndi zitsamba za pamalo ozizira. Pansonga ndi mamita 2,981, kupereweza mamita 21 okha kuti afanane ndi Sapitwa wa ku Mulanje. Kukakhala kopanda nkhungu, kummwera kumaoneka nyanja ikunyezimira cha ku Matema ndi ku Kyela, kumene miyendo yotopa imakatsukidwa mawa lake. Kukwera ndi kutsika kumatha tsiku lathunthu.

Inu a mu Lusaka amene mwatsimikiza mtima, pitani pakati pa June ndi October mvula itakata, mutenge juzi yochindikala, ndipo womulondolera wanu akayamba kusimba za moto wa Kyejo, musamudule mawu.