NKHALANGO IMAYAMBIRA M'CHUBU

Anzanga amene tinaphunzira limodzi, ndani mwa ife waiwala tsiku la 21 Januwale? Tsikuli linakhazikitsidwa m'chaka cha 1976, mu ulamuliro wa Dr. H. Kamuzu Banda, kuti likhale lodzala mitengo m'dziko lonse. Tili ku pulayimale tinkangolandira mbande n'kukadzala, osafunsa kumene zachokera. Ine ndinadziwa nditafika pa sukulu yathuyi, pamene anandiika m'gulu losamalira nazale.

Ntchito ya nazale ndi yakale m'dziko muno. Nkhalango ya paini ya Chikangawa pa mapiri a Viphya, ya mahekitala oposa 50,000, inadzalidwa makamaka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 pofuna kudyetsa fakitale ya zipangizo za mapepala imene siinamangidwe. Mitengo yambirimbiriyo inayamba ngati timbande pa nazale. M'chaka cha 1980 boma, mothandizidwa ndi World Bank, linayamba ntchito ya Wood Energy Project, ndipo linatsegula manazale m'maboma kuti anthu azigula mbande za mitengo ya nkhuni ndi milimo, monga bulugamu, pa mtengo wotsika. Pofika nthawi yathu, machubu akuda apulasitiki anali ponseponse.

Chubu chili ndi malamulo ake, ndipo ine ndinawaphunzira mwamanyazi. Chaka china machubu atatithera, ndinatolera zitini n'kuthiramo dothi la makande la kudambo, osaboola pansi. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo mosadumphitsa. Patapita masabata atatu, mbande zanga za m'bawa zinachita chikasu n'kugwa. Aphunzitsi athu a zaulimi sanakalipe. Anangokhuthula chitini chimodzi n'kundinunkhitsa mizu yowola. Anandifotokozera kuti mizu nayonso imapuma, ndipo madzi akasowa potulukira amaitsamwitsa.

Tsiku limenelo ndinaphunzira kusakaniza dothi la pamwamba la pansi pa mitengo, manyowa owolerana ndi mchenga, kuti madzi azidutsa. Ndinaphunzira kusuntha machubu ndi kudula mizu yotulukira pansi isanagwire nthaka, ndiponso kuchepetsa mthunzi ndi madzi nthawi yowokera ikayandikira, kuti mbande zikhwime.

Masiku ano pali nyengo yathunthu yodzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Komabe pa zaka zimene ndagwira ntchito m'boma, ndaona kuti timakonda kuwerenga mitengo imene tadzala, osabwererako kukawerenga imene yaphuka. Mtengo wambiri umafera m'chubu usanafike n'komwe pa dzenje.

Taonani mkungudza wa ku Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984. Kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha pa phiri lonse. Chiyembekezo chake chinatsalira m'manazale a anthu a m'midzi yozungulira phirilo, m'timachubu tofanana ndi tomwe tinkadzaza ife.

Nditapita kukaona sukulu yathu posachedwapa, ndinapeza m'bawa zimene tinafesa kachiwiri zija zikupereka mthunzi kwa ana amene sakutidziwa. Koma pamene panali nazale pamera udzu. Tsono pempho langa ku bungwe lathu ndi ili: pa msonkhano ukubwerawu, pambali pa nkhani ya mabuku ndi madesiki, tisonkhe za machubu, mbewu ndi makheni othirira. M'mera mpoyamba, anzanga.