Kulemba Zizindikiro pa Timabokosi ta Ndalama Zachitsulo

Ku United States, makampani a PCGS (yomwe inayamba mu 1986) ndi NGC (yomwe inayamba mu 1987) amayesa ndalama zachitsulo pa sikelo ya Sheldon, yoyambira 1 kulekeza 70, kenako n'kuzitsekera m'kabokosi kapulasitiki komwe sikatseguka popanda kukaswa. Kapepala ka m'kati kamaonetsa chaka, mtundu wa ndalamayo, giredi ndi nambala yotsimikizira.

Vuto limadza posunga. Timabokosito timaimikidwa mondondozana, kawirikawiri 20 m'bokosi limodzi, ndiye kapepala kaja kamabisika. Choncho osonkhanitsa ndalama amamata kachikwangwani kochepa pamwamba, kolembedwa chaka, chilembo cha komwe ndalamayo inasulidwa (S ya San Francisco, D ya Denver) ndi giredi. Chomatira chizikhala chosavuta kumatula, ndipo chisaphimbe nambala yotsimikizira, poti ogula ochenjera amaifufuza pa intaneti asanalipire.