Mmene mabakiteriya anasandukira mafakitale a mankhwala

Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, insulini amene odwala shuga ankadzibaya ankachokera kophera nyama. Makampani monga Eli Lilly ya ku America ankagula kapamba wa nkhumba ndi ng'ombe, ndipo kuti apeze kilogalamu imodzi yokha ya mankhwalawa pankafunika nyama zikwizikwi. Odwala ena thupi linkamukana, pobayapo n'kutupa. Odwalawo ankachulukirachulukira, moti akatswiri anayamba kuda nkhawa kuti tsiku lina nyamazo zidzaperewera.

Njira ina inapezeka mu November 1972, pamsonkhano wa asayansi ku Hawaii. Herbert Boyer wa ku San Francisco anali ndi mankhwala odulira DNA pamalo enieni amene akufuna. Stanley Cohen wa ku yunivesite ya Stanford ankadziwa kutulutsa timikombero ta DNA m'mabakiteriya n'kutibwezeramo. Anagwirizana zogwirira ntchito limodzi, ndipo pofika 1973 anali atatha kudula jini kwina, kuilumikiza m'kamkombero, n'kuilowetsa m'bakiteriya wa E. coli. Posakhalitsa anaikamo jini ya chule wa ku Africa kuno. Bakiteriyayo sanaikane. Akamagawikana, ana ake onse ankatengera jini ya chuleyo.

Eni ntchito omwe anachita nazo mantha. Anayamba aimitsa kafukufuku wina, kenako mu February 1975 anakumana ku Asilomar m'boma la California kukadziikira malamulo okha boma lisanawalamule. Zoterezi sizichitikachitika pakati pa anthu amene akuona mwayi uli pakhomo.

Amene anaona ndalama msanga anali Robert Swanson, mnyamata wa zaka 28 amene ankagwirapo ntchito yoika ndalama m'mabizinesi atsopano. Mu 1976 anapempha Boyer mphindi khumi zokha. Anacheza maola atatu. Aliyense anasonkha madola 500, ndipo mu April chaka chomwecho kampani ya Genentech inabadwa. Mu 1978 asayansi ake, mothandizana ndi a kuchipatala cha City of Hope, anachititsa mabakiteriya kupanga insulini wofanana ndi wa munthu. Eli Lilly inagula chilolezo chomupanga, ndipo mu 1982 boma la America linavomereza mankhwalawo, dzina lake Humulin. Kapangidwe kake kakufanana ndi kufulula mowa: tizilomboto amatithira m'mathanki akuluakulu achitsulo, kutidyetsa shuga, kutisunga pofunda, kenako n'kusefa zimene tapanga.

Komabe chimene chinakuza malondawa mofulumira chonchi ndi zimene zinachitika kunja kwa labotale mu 1980. Mu June, khoti lalikulu la ku America linagamula, majaji 5 kwa 4, kuti wasayansi Ananda Chakrabarty atha kulandira chiphaso cha umwini pa bakiteriya amene anamusintha kuti azidya mafuta otayika. Pa 14 October, Genentech inalowa pamsika wa masheya isanagulitse ndi botolo limodzi lomwe la mankhwala, koma sheya inakwera kuchoka pa madola 35 kufika pa 88 ola lisanathe. Mu December kunabwera lamulo la Bayh-Dole lolola mayunivesite kukhala eni a zimene atulukira ndi ndalama za boma. Kuyambira pamenepo mapulofesa anasanduka eni makampani. Kampani ya Amgen, yomwe inayamba chaka chomwecho, inatulutsa Epogen wowonjezera magazi mu 1989. Mu 2009 kampani ya Roche ya ku Switzerland inalipira madola 46.8 biliyoni kuti imalize kugula Genentech.

Phindu la ntchitoyi linatifika ndithu. Katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B wopangidwa ndi yisiti anavomerezedwa mu 1986, ndipo kuyambira 2002 ana a ku Malawi amamulandira kusikelo, m'jakisoni uja woteteza ku matenda asanu. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene dziko la Malawi linali loyamba kumupereka kusikelo mu April 2019, amapangidwanso ndi yisiti wosinthidwa majini.

Pamene zikundiwawa ndi pa insulini yemweyo. Amene anamutulukira ku Toronto mu 1921 anagulitsa umwini wake kwa yunivesite ya kumeneko pa dola imodzi aliyense, pofuna kuti wodwala aliyense amupeze. Lero tizilombo tikumupanga usana ndi usiku, osatha, koma makampani atatu okha, Eli Lilly, Novo Nordisk ndi Sanofi, ndi amene agwira msika woposa 90 peresenti. Bungwe la WHO linanena mu 2021 kuti pafupifupi theka la odwala shuga wa mtundu wachiwiri ofunika insulini samupeza. Chiphaso cha umwini chomwe chinakopa ndalama chija ndi chimene chimathandizanso kuti mitengo isatsike msanga, ndipo mathanki ambiri ali kutali ndi odwala.

Pali amene akuyesetsa kuti mathankiwo ayandikire. Ku India, kampani ya Biocon, imene Kiran Mazumdar-Shaw anaiyambira m'galaja ku Bangalore mu 1978, ikupanga insulini wotsikirapo mtengo. Mliri wa Covid-19 utaonetsa mayiko a mu Africa akudikira katemera kumapeto kwa mzere, WHO mu 2021 inasankha kampani ya Afrigen ya ku Cape Town kuti iphunzire luso la mRNA lopangira katemera n'kuphunzitsa ena. Kumayambiriro kwa 2022 asayansi a kumeneko anapanga katemera wawo woyesera, potsatira zimene zinali zodziwika kale poyera za katemera wa Moderna, kampaniyo osawagwira dzanja.