Chithupsa chosamva mankhwala: kuchokera ku London kufika ku Mbare

Agogo athu ambiri amene anapita ku Halale kukafuna ntchito ankafikira ku Mbare. Komboniyi inakhazikitsidwa mu 1907, pa nthawiyo ikutchedwa Harari, kuti anthu akuda ogwira ntchito mumzinda wa Salisbury azigona kutali ndi azungu. Pambuyo pake akuluakulu a mzinda anamanga nyumba zosanjikizana monga Matapi, zogonamo amuna okhaokha, ndipo ena mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Lero m'zipinda zomwezo mukukhala mabanja athunthu, ndipo mabanja ambiri amadalira mpopi umodzi ndi bafa limodzi. Ndayamba ndi nyumbazi chifukwa mabakiteriya amene ndikufuna kukamba amayenda pakhungu, ndipo khungu limakhudzana kwambiri kumene anthu athithikana.

Dzina lawo ndi Staphylococcus aureus, koma madokotala amangoti staph. Dokotala wina wa ku Aberdeen, Alexander Ogston, anawaona mu 1880 m'mafinya a chithupsa. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ali nawo m'mphuno popanda kudwala. Amayamba kuvuta akapeza polowera, monga pachilonda, pamene lumo latema kapena pamene mwana wakanda. Kawirikawiri amangotulutsa chithupsa. Koma akalowa m'magazi, m'mafupa kapena m'mapapo amatha kupha.

Mu 1928 Alexander Fleming ankabzala mabakiteriya omwewa m'timbale pachipatala cha St Mary's ku London pamene anaona kuti nkhungu inawapha. Kumeneko n'kumene kunachokera penisilini. Polandira mphoto ya Nobel mu 1945, Fleming anachenjeza kuti mankhwala ochepa amangophunzitsa mabakiteriya kupirira. Sipanapite nthawi yaitali. Pofika m'ma 1950 staph wambiri wa m'zipatala sankamvanso penisilini. Akatswiri anapanga mankhwala ena otchedwa methicillin, koma mu 1961 Patricia Jevons wa ku England analengeza kuti wapeza staph wosamva mankhwala atsopanowo. Uyu ndiye anatchedwa MRSA.

Kwa zaka pafupifupi 30 anthu ankati limeneli ndi vuto la m'zipatala, la odwala ochitidwa opaleshoni. Kenako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 MRSA anapezeka pakati pa Aaborijini a kudera la Kimberley ku Australia, anthu amene sanagonepo m'zipatala zikuluzikulu. Mu 1999 bungwe la CDC la ku America linalengeza za imfa za ana anayi ku Minnesota ndi ku North Dakota, ndipo posakhalitsa zithupsa zosamva mankhwala zinabuka m'ndende, m'misasa ya asilikali ndi m'magulu a osewera mpira. M'malo amenewa anthu amathithikana ndipo amabwerekana matawulo, malumo ndi zofunda. Kwathu kuno, kafukufuku wa magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anasonyeza kuti mwa staph yense amene anapezeka mu 1998, MRSA anali 7.7 peresenti, koma mu 2016 anali 18.4 peresenti. Padziko lonse, magazini ya Lancet inawerengera kuti mu 2019 MRSA yekha anapha anthu oposa 100,000.

Zimene zimathandiza staph kufalikira zakhala zikuchuluka m'makomboni a ku Harare. Mu 2005 boma linagwetsa nyumba ndi misika pa ntchito imene linaitcha Murambatsvina, ndipo bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena popezera ndalama. Ambiri anakathithikana kwa achibale. M'madera ngati Mabvuku ndi Tafara, kumene kuli zidzukulu zambiri za matchona, mipopi imatha nthawi yaitali ili gwa. Mvula ikakuona litsiro sikata. Mu 2008 ndi 2009 kolera inagwira anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe n'kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro ndi limodzi mwa madera amene anazunzika kwambiri. Mu Seputembala 2018 inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro, ulendo uno yosamva ena mwa mankhwala amene madokotala ankayambira kupereka. Taifodi nayo inavuta ku Mbare mu 2017, ndipo mu 2019 anthu oposa 300,000 a ku Harare anabayidwa katemera wake.

Miliri imeneyi inaphunzitsa mzinda wonse kuti mankhwala amatha kugonja. Kolera ikabuka pamamangidwa matenti, wailesi imalengeza, odwala amathamangitsidwira kuchipatala cha Beatrice Road. Chithupsa sichichita phokoso lotere. Chimatuluka pathako pa mwana, mayi n'kuchifinya ndi zala, n'kupukuta ndi nsalu imene mawa ipukutenso mng'ono wake. Palibe amene amachilemba m'kaundula wa miliri. Chikabwereranso kachitatu, anthu amati ndi magazi oipa.

Pamenepo m'pamene makapisozi amalowa. Ofufuza ena anayenda khomo ndi khomo ku Harare ndi ku Chikwawa atanyamula thumba la maantibayotiki, kuti anthu aloze amene amawadziwa ndi kumwa kawirikawiri. Ku Harare anthu ankaloza kwambiri amoksisilini, ku Chikwawa bakitilimu. Sindikuona chifukwa chodzudzulira mayi wogula makapisozi anayi pamsika, poti ndalama yolipira kukiliniki ndi yomweyo yogulira ufa. Chomvetsa chisoni n'chakuti amoksisilini ndi wa mtundu wa penisilini, amene staph wambiri anasiya kalekale kumumva. Mankhwala amene kawirikawiri amaperekedwa pa staph ndi cloxacillin, ndipo ameneyonso MRSA samumva. Komanso zithupsa zambiri zimapola namwino akazitumbula bwino n'kuchotsa mafinya. Makapisozi anayi aja sachiza chithupsa, amangosiya mabakiteriya olimba m'thupi.

Zimbabwe inakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi kusamva mankhwala ya 2017 mpaka 2021, ndipo chaka chilichonse kuyambira pa 18 mpaka 24 Novembala dziko lonse limakumbutsana za vutoli. Monga womasulira, ndimaona kuti uthenga umatayika pa mawu awiri. Tikati "kachilombo", Mchewa aliyense amaganiza za HIV, ndipo munthu wa zithupsa amayamba kuzibisa. Tikati "thupi lazolowera mankhwala", monga ambiri amanenera, vuto timalisandutsa la munthu mmodzi, ngati kuti iye akangosintha mankhwala nkhani yatha. Chonsecho amene asintha ndi mabakiteriya, ndipo amachoka kwa iye kupita kwa mkazi wake, kwa mwana wa mnzake, ngakhale kwa wotsatira pa mpando wa ometa tsitsi. Munthu amene sanamwepo kapisozi chibadwire akhoza kutenga staph wosamva mankhwala.

N'chifukwa chake ndimakonda kunena mosazungulira kuti "mabakiteriya osamva mankhwala amapatsirana". Pambuyo pa mawuwa pabwere malangizo amene munthu wa ku Matapi angathe kutsatira. Chilonda chiphimbidwe. Lumo ndi tawulo zisabwerekanidwe. Chithupsa chobwera ndi kutentha thupi, chofalikira msanga, chotuluka kumaso kapena pa khanda chipite kuchipatala tsiku lomwelo. Langizo lalikulu kuposa onse ndi losamba m'manja ndi sopo, ndipo limenelo ndimati lilembedwe kawiri: kamodzi kwa mayi wa chidebe, kamodzi kwa akuluakulu a mzinda amene ali ndi udindo wobweretsa madzi kumpopi umene iye akudikirapo.