Kusunga Lilime: Mawu Obaya Mtima Amene Timawayesa Macheza

Mawu obaya mtima ndi mawu amene munthu amayankhula osafuna kutukwana, koma amasiya bala mwa amene wawamva. Kawirikawiri amabwera ngati funso, nthabwala kapena malangizo. Woyankhula amaiwala asanafike n'komwe kunyumba, pomwe womva amagona nawo mpaka zaka. Akuluakulu adati kalowa m'khutu kayaza mphasa.

M'Chisilamu nkhaniyi ili m'gulu la kusunga lilime. Imam Al-Ghazali, yemwe adamwalira m'chaka cha 1111, adawerenga matenda 20 a lilime m'buku lake la Ihya Ulum al-Din. Loyamba pa onsewo si bodza kapena kutukwana ayi, koma kuyankhula zinthu zomwe sizikutikhudza. Apa ndi pamene mawu ambiri obaya mtima amayambira.

Zimene Qur'an ndi Sunnah zikuphunzitsa

Surah Al-Hujurat, yomwe ndi ya nambala 49, ndiyo maziko a phunziroli. Ndime 11 ikuletsa amuna ndi akazi omwe kunyozana ndi kuitanana mayina achipongwe. Ndime 12 ikuletsa kuganizirana zoipa, kufufuzana ndi miseche. Ndime 13 ikutikumbutsa kuti ulemerero pamaso pa Allah umabwera ndi kumuopa Iye, osati ndi mtundu. Surah Qaf, ndime 18, ikutidziwitsa kuti liwu lililonse lotuluka pakamwa limalembedwa.

Imam Abu Dawud ndi Imam Tirmidhi adasimba kuti mayi Aisha (Allah asangalale nawo) adanenapo za kufupika kwa mayi Safiyya, mkazi mnzawo. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale naye) adawauza kuti liwu limenelo likadathiridwa m'nyanja likadasintha madzi onse. Ife amene timaiona nyanja tsiku ndi tsiku tikudziwa kuchuluka kwa madzi amene akunenedwa apa.

Imam Ahmad adasimbanso kuti Abdullah ibn Mas'ud adakwera mumtengo kukathyola mswaki, ndipo Maswahaba ena adaseka kuchepa kwa miyendo yake. Mtumiki (SAW) adawauza kuti pa sikelo ya tsiku lachiweruzo miyendo imeneyo ndi yolemera kuposa phiri la Uhud. Palibe amene adatukwana pamenepo, kudali kuseka chabe, komabe Mtumiki (SAW) sadakulekerere.

Pamene mawuwa amatulukira kawirikawiri

Pa nkhani ya ana. Chaka chikatha chichitireni nikah, mafunso amayamba: “Kodi kunyumbaku kudakali zii?” Ena amafika potchula mkazi kuti chumba, mwamuna kuti gojo. Wofunsayo sadziwa ngati banjalo lapita padera kangapo, kapena ngati likuyendera kuchipatala mwakachetechete. Surah Ash-Shura, ndime 49 ndi 50, ikufotokoza kuti kupereka ana aakazi, ana aamuna, kapena kusapereka mwana, zonse zili m'manja mwa Allah. Choncho ngakhale mawu akuti “wamkazinso?” kwa mayi amene wangochira kumene ndi kudandaula ndi mphatso ya Allah. Wapempheni madalitso makolo ndi khanda, basi.

Pozonda wodwala. “Mwaonda bwanji!” “Uje adayambanso chonchi, sadakhalitse.” “Kodi mudakayezetsa?” Mawu otere amachotsa wodwala mphamvu, ndipo ena amamunamizira matenda amene iye sadawatchule. Sunnah ndi kumulimbitsa mtima, kumupangira dua ndi kusakhalitsa. Dzina la matenda ndi chinsinsi cha mwini wake. Akafuna adzanena yekha.

Pamaliro. Pano si pofunsira chomwe chapha munthu, chifukwa chomwe adachedwera kupita naye kuchipatala, kapena yemwe atenge bwato ndi maukonde. Kuuza mayi wofedwa mwana kuti “mudzabereka wina” n'kumuuza kuti mwana amene wapitayo adalibe malo akeake. Imam Bukhari adasimba hadith yoletsa kunyoza akufa. Pepesani, kumbutsanani za kupirira, mupempherere malemu chikhululuko. Mawu akasowa, kukhala pansi pamodzi ndi ofedwa n'kokwanira.

Pa za chuma. Msodzi akafika padoko wopanda usipa, akudziwa kale kuti mafuta a injini apita pachabe, safunikira womukumbutsa. Chimodzimodzi mnyamata amene wabwera kuchokera ku Joni chimanjamanja. Kumuuza kuti anzake amanga nyumba zamalata n'kuthira tsabola pachilonda. Nayenso wopereka asamale. Surah Al-Baqarah, ndime 264, ikuchenjeza kuti kukumba ndi kunyoza amene tamuthandiza kumaononga sadaka. Mawu akuti “pakadapanda ine” angafafanize malipiro a thumba lonse la chimanga.

Pa za thupi ndi ulumali. Mayina ngati napweri, gonthi kapena wopunduka amachititsa kuti munthu adziwike ndi vuto lake m'malo mwa dzina lake. Munthu wachialubino, wosamva kapena wosaona ali ndi dzina limene makolo adamupatsa, timuitane ndi limenelo. Ana amatengera mayina achipongwe kwa akulu, kenako amapita nawo kumadrasa ndi kusukulu.

Pa za mtundu ndi kochokera. Imam Bukhari adasimba kuti Abu Dharr (Allah asangalale naye) adanyoza munthu wina pomutchulira mayi ake, ndipo Mtumiki (SAW) adamuuza kuti mwa iye mudakali khalidwe la nthawi ya umbuli. Kutchula mnzathu kuti wobwera, kukumbutsa mkamwini kuti pano si kwawo, kapena kuseka katchulidwe ka Surah Al-Fatiha ka munthu amene wangolowa kumene Chisilamu, zonsezi n'zochokera muzu umodzi. Palinso hadith ya Bukhari ndi Muslim yoletsa anthu awiri kunong'onezana kusiya wachitatu, chifukwa zimamukhumudwitsa. Maulama adaphatikizapo kuyankhula chilankhulo chimene wachitatuyo sakumva. Ngati mlendo samva Chiyao ndipo nonse mumatha Chichewa, chezani m'Chichewa.

Pa za ibada. Al-Ghazali adapereka chitsanzo cha funso loti “kodi mwamanga?” Wofunsidwa akavomera, akuonetsera ibada yake. Akakana pomwe wamanga, wanama. Akakhala chete, akuoneka wamwano. M'mwezi wa Ramadhan, mayi kapena mtsikana amene sadamange kapena sadaswali angakhale ndi chifukwa chovomerezeka chimene sangachinene pagulu. Osamufunsa.

M'nyumba mwathu. Abu Huraira adasimba kuti Mtumiki (SAW) sadanyozepo chakudya. Akachifuna ankadya, akapanda kuchifuna ankangochisiya. Anas ibn Malik adamutumikira zaka 10 osamvapo liwu lomukalipira. Bambo amene amadandaula za ndiwo pamaso pa alendo, ndi mayi amene amauza mwana kuti “mbuli iwe, taona mnzako”, ayeze mawu awo ndi zitsanzo ziwirizi.

Zodzikhululukira zitatu zomwe sizithandiza

“Ndimangoseka.” Mtumiki (SAW) ankachita nthabwala, koma zoona zokhazokha ndiponso zosatsitsa munthu. Ngati onse akuseka kupatula amene akunenedwayo, imeneyo si nthabwalanso.

“Koma ndi zoona.” Malinga ndi hadith ya Imam Muslim, miseche ndi kutchula m'bale wako ndi zimene sangakondwere nazo ngakhale zili zoona. Zikakhala zabodza, tchimolo limasanduka kunamizira. Kuona kwa mawu sikutipatsa chilolezo chowayankhula paliponse.

“Ndimamulangiza.” Malangizo ali ndi malo ake, ndipo malowo ndi pambali, anthu awiri. Kulangiza munthu pakhomo la mzikiti anthu akutuluka ku Jumu'ah n'kumuyalutsa.

Tisanatsegule pakamwa

Hadith yodziwika ya Bukhari ndi Muslim ikumangiriza chikhulupiriro mwa Allah ndi tsiku lomaliza ku zinthu ziwiri: kuyankhula zabwino kapena kukhala chete. Pofuna kudziwa mbali yoyenera, tidzifunse mafunso atatu. Kodi nkhaniyi ikundikhudza? Kodi pano ndi pamalo pake, pamaso pa anthu awa? Kodi ndikadakhala ine ndili m'mavuto amenewa, ndikadakonda kumva mawuwa? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ngati mawu atuluka kale

Madzi akatayika sawoleka, koma khomo la toba lidakali lotsegula. Maulama amaphunzitsa kuti tchimo lokhudza munthu mnzathu limafuna zinthu zinayi: kusiya, kumva chisoni, kutsimikiza kusabwereza, ndi kukonza ndi amene tamulakwira. Pitani kwa iye mwamsanga ndipo munene mosazungulira: “Pepani achimwene, mawu aja sindidayankhule bwino, mundikhululukire.” Osawonjezera kuti “inunso simuchedwa kupsa mtima”, chifukwa kumeneko n'kubaya kachiwiri. Ngati mudamuchititsa manyazi pagulu, mutchuleni ndi zabwino pagulu lomwelo. Makolo nawonso apepese kwa ana awo, ulemu wawo suchepa ndi zimenezo.

Amene wabayidwa ali ndi ufulu wonena mwaulemu kuti mawuwo amupweteka, kapena kuti nkhaniyo sakufuna kuikamba. Akakhululuka, malipiro ake ali kwa Allah. Ndipo amene ali pompo akumva asangoseka nawo. Asinthe nkhani, kenako amukumbutse woyankhulayo pambali.

Tikupempha Allah kuti ayeretse malilime athu, atikhululukire pa mawu amene tidapweteka nawo ena modziwa ndi mosadziwa, ndipo atipange kukhala anthu amene anzathu amapeza mtendere pocheza nafe. Ameen.