Phale ndi Mbiri ya Mbiya Zathu

Zidzukulu zanga, mukamalima m'mbali mwa Likangala kapena poyenda kupita ku Kachulu, khasu kapena chala chikagunda phale, musafulumire kuliponya kutchire. Litembenuzeni, muone mlomo wake ndi zolembalemba zake. Ife a kuno ku Chilwa makolo athu sanatisiyire mabuku, koma anatisiyira mapale.

Akatswiri ofukula zakale amatcha mbiya dzina la malo pamene anayamba kuzipeza. Mu 1970 Keith Robinson anafalitsa zimene anafukula kummwera kwa nyanja ya Malawi, ndipo mbiya zakale koposa anazitcha za Nkope, potsata gombe la Nkope ku Mangochi. Nzochindikala, za mlomo wonenepa wokhala ndi mizere, ndipo zinayamba kuumbidwa cha m'zaka za m'ma 300, pamene alimi osula chitsulo ankakhazikika m'dziko lino. Patapita zaka mazana ambiri kunabwera za Mawudzu, zopyapyala ndi zosachulutsa zokongoletsa. Izi ndizo Yusuf Juwayeyi anazipeza zochuluka ku Mankhamba, likulu la Kalonga ku Dedza, pamodzi ndi mikanda ndiponso zidutswa za mbale zochokera ku China. Tangoganizani: mbale ya ku China kugona dzala limodzi ndi mphika wa agogo athu!

Koma phale silinena zonse. Silinena kuti woumba anali mayi, amene anaphunzira kwa amayi ake kapena azakhali. Dongo ankalikumba kudambo, nalivundika, nalisinja, kenaka nkuumba popanda makina, chikono cha nkhono chili m'manja chopalira m'kati. Mbiya ikafota ankaikulungiza ndi mwala wosalala, naiumitsa pamthunzi, osati padzuwa, kuopa ming'alu. Tsiku lootcha linali ndi mwambo wake: woumba ankadzisunga, ndipo munthu "wotentha" sankayandikira moto. Mbiya ikaphulika, mudzi wonse unkadziwa pofunsa. Ine ndimati chinyezi chotsalira m'dongo ndicho chinkaphulitsa, koma sindinalimbepo mtima kunena zotere pamaso pa agogo anga.

Iliyonse inali ndi ntchito yake: mtsuko wa madzi, nkhali ya mowa ndi thobwa, kamphika ka matemba. Ngakhale itasweka, phale linkakazinga chimanga.

Ku Japan kuli mbiya za ku Bizen, zimenenso sazipaka zonyezimiritsa. Maonekedwe ake amachokera ku dongo, moto ndi phulusa basi. Mu 1956 boma la kumeneko linalemekeza woumba wina, Kaneshige Toyo, monga chuma chamoyo cha fuko, kuti luso lake lisafe naye. Kuno amayi oumba akukalamba mwakachetechete, pamene zidebe zapulasitiki ndi mapoto zadzaza msika wa Jali. Sabata yatha ndinafunsa adzukulu anga asanu kuti nkhali nchiyani. Mmodzi yekha ndiye anayankha, nayenso anati ndi mtundu wa mbalame.