Mbiri ya Mbeu Zomera Kopanda Pansi

Tonse tidziwa kuti njere ya cimanga, ngakhale igwe m'phando cagada kapena cafufumimba, muzu wace uloza pansi, ndi mphukira iloza kumwamba. Kodi ndani aiuza njira mumdima wa m'nthaka? Funso limeneli linasautsa anthu anzeru zaka zambiri.

M'caka ca 1806 Mngelezi wina, Thomas Knight, anamangirira nyemba pa gudumu lozungulira msanga ndi mphamvu ya madzi. Pomera, mizu inaloza kunja kwa gudumu, ndi mphukira zinaloza pakati. Potero anaonetsa kuti muzu utsata mphamvu youkoka. Ndipo m'munda mphamvuyo ndi yomwe ija igwetsa mango mumtengo. M'caka ca 1900 Haberlandt ndi Nemec anafotokoza kuti kunsonga ya muzu kuli timibulu tolemera, timene titsikira pansi monga mcenga m'mtsuko wa madzi. Timeneti ndito tiuza muzu kolowera.

Nanga m'zombo zozungulira dziko kuthambo, m'mene zinthu ziyandama, mbeu itani? M'menemo timibulu tija sititsika, ndipo mizu isokera uku ndi uku. Madzinso satsikira m'dothi, koma akangamira kumizu ndi kuitsamwitsa. Cifukwa cace alimi a kuthambo athirira pang'ono-pang'ono, naika zokupiza mphepo ndi nyali. Pakuti mphukira itsata kuwala, ndipo nyali ilowa m'malo mwa dzuwa.

Nzeru izi sizinapezeke tsiku limodzi. M'caka ca 1982, m'combo ca ku Soviet Union cochedwa Salyut 7, kathengo kochedwa Arabidopsis kanacita maluwa ndi kubala mbeu. Koma m'caka ca 1996 tirigu wa m'combo ca Mir anaturutsa ngala zopanda maso, cifukwa ca mpweya wina umene unacuruka m'combomo. M'caka ca 2015 a m'combo ca International Space Station anadya letesi wolima okha. Ndipo m'caka ca 2019 njere ya thonje inamera m'combo ca ku China citatera pamwezi, koma inafa ndi cisanu ca usiku wa kumeneko.

Abvutikiranji cotere? Ulendo wa ku Mars utenga miyezi yambiri, ndipo kamba wonyamula akhoza kutha kapena kuonongeka. Tiona tsono kuti munthu, ngakhale akwere kupitirira mitambo, sathawa ulimi. Moyo wace udalirabe kambeu kakang'ono.